Chibeseni cha Bwato Padenga Langa

Anzanga, nsanje ikakugwira imakukweza padenga. Musayese mwambi, ine inandikwezadi, masana dzuwa likuswa mtengo.

Masiku amenewo ndinkachapa zovala kunyumba ya bwana wa esiteti ya tiyi, ndikaweruka n'kuthamangira ku sukulu ya kwacha sopo adakali m'zala. M'kalasimo munali Esinati, woyandikana naye nyumba, mpanda umodzi. Mwamuna wake anabwera kuchokera ku Joni ndi wailesi yaikulu ngati sutikesi, n'kudzika nsungwi yaitali ya waya pamwamba, ndiye Lamulungu lililonse masana amayi onse a m'kalasi mwathu ankakaunjikana pakhonde pake kumvera pulogalamu ya moni. Onse! Ngakhale aja ankadzapempha mchere kwa ine. Kawailesi ndinali nako inenso, koma kuno kuphiri kankangoti shwee ngati mafuta a mandasi, mabatire ake ndinkachita kuyanika padzuwa ngati makaka kuti abwerere mphamvu.

Aphunzitsi atatiphunzitsa kulemba kalata, ine yanga ndinatumiza ku wailesi. Kalata yoyamba ya dzanja langalanga! Ndinapereka moni kwa amayi anga ku Milonde, kwa aphunzitsi, kwa amayi a m'kalasi mmodzimmodzi ndi maina awo. Esinati ndinamudumpha dala. Nditaiponya ku positi m'pamene nzeru zinabwera: kodi kalata imeneyi ndikaimvera pakhonde la yani?

Tsono bwana uja anali ndi bwato loyenda ndi mphepo kunyanja. Atagula zipangizo zatsopano, zakale anazitaya kuseri kwa galaja. Zinali ziwiri: kena kakang'ono ka malata opingasa, china chachikulu choyera, ngati mabeseni awiri ovindikirana. Ndinafunsa a Namakhwa, akhukhi a panyumbapo.

"Chachikulucho amati rada," anatero. "Amachimangirira pamwamba pa mlongoti wa bwato, chimaona zinthu zili kutali ngakhale kuli nkhungu ya chiperoni."

"Nanga mawu chimakoka?"

"Mawu sindikudziwa, koma..."

"Koma" ameneyo sindinamudikire. Ine ndi kudikira sitimwerana madzi, kalongonda ndinasiya kuphika kalekale chifukwa amafuna tsiku lonse pamoto. Chinthu choona kutsidya kwa nyanja chingalephere kumva Blantyre? Kakang'ono kaja kanali kopepuka, koma Esinati akanakaona bwanji ali kwawo? Ndinasankha chachikulu. Adona, akazi a bwana, nditawapempha anaseka mpaka kugwira chitseko, ine n'kumati akusangalala nane. Ndinachisenza pamutu kudutsa m'munda wa tiyi, othyola tiyi akufunsa ngati ndatsegula bekale.

Bambo a kunyumba atachiona anagwira chibwano. "Mayi, achipani akachiona ichi adzati tikulankhula ndi a kutsidya kwa malire. Dikirani ndikabwere ku Milonde Lamulungu madzulo, tione bwinobwino."

Madzulo? Pulogalamu ndi ya masana! Lachisanu ndinajomba ku sukulu kukadula nsungwi, Loweruka ndinayenda khomo ndi khomo kuitana amayi aja, ndikuti kwanga kukhala nanazi ndi zitumbuwa, ndi wailesi yomveka ngati munthu ali m'nyumba momwemo. Kwa Esinati ndinangodutsa.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi sindinapatse munthu moni. Ndinatola mabatire padzuwa n'kuwaponyera m'kawailesi mothamanga, kenako n'kumangirira chibeseni chija kunsonga ya nsungwi ndi chingwe cha khonje. Poidzutsa, nsungwi inawerama ngati ikupereka ulemu kwa apongozi, chinthu chija phii pansi, tambala wanga anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinayang'ana denga.

Makwerero pamudzi ponse anali nawo ndi Esinati yekha, ndiye mukudziwa kale kuti sindinakabwereke. Ndinagubuduza mgolo, pamwamba pake n'kuika mtondo, ine n'kukwera, chibeseni kumsana ngati mwana. Kumbukirani nthawi imeneyo mzimayi sankavala buluku, ndinakwera ndi diresi ya kutchalitchi ndi chitenje. Nditangoponda udzu, mtondo unagubuduka n'kukagona m'mbatata. Ndinati ndiziona potsika.

Amayi aja anafika ine ndili pamutu pa denga, chingwe kukamwa. Ndinamanga mfundo zisanu ndi imodzi, n'kulumikiza waya woyanikapo zovala, mbali ina n'kuwaponyera mayi a Dafuleni, amene ndi akuluakulu m'kalasi mwathu.

"Kolekani ku kanyanga ka wailesiyo, mutsegule!"

Anatsegula. Zii. Ngakhale shwee uja kunalibe.

"Kwezani mawu!"

"Takweza mpaka pothera, amwali."

Ndinati mwina chayang'ana kuphiri, ndichitembenuzire ku Blantyre. Ndinaimirira, n'kuponda pamene udzu unaola ndi mvula, mwendo wonse lowu mpaka m'ntchafu! Mayo ine! Mwaye wa zaka zitatu unakhuthukira mu nanazi zanga zosendasenda. Mayi a Dafuleni analowa m'nyumba, n'kutuluka akupukuta misozi.

"Amwali, mwendo wanu uli m'nyumba, nsapato yagwera mu zitumbuwa. Tikusungireni?"

Nthawi yomweyo kuseri kwa mpanda kunamveka nyimbo yotsegulira pulogalamu, mbee, ngati oimbawo ali pakhonde la Esinati. Ndinaona amayi anga oitanidwa ayamba kusuntha mmodzimmodzi, wina akuti akukaona mwana, pamene mwanayo ali kumsana.

Asanafike pampanda anakumana naye Esinati, makwerero paphewa, chiwailesi chake kudzanja. Anachiika pamgolo wanga chikulankhula, n'kunyamula kawailesi kanga, kutsegula kumbuyo.

"Achemwali, mabatire mwaika chozondoka. Mbali yokhala ndi kamtanda imayang'ana uku. Kamtandaka ndi chizindikiro cha kuphatikiza, aphunzitsi anationetsa Lachisanu. Paja inu kunalibe."

Anawatembenuza, kawailesi kanga kanayamba shwee wake wa masiku onse. Chibeseni chija sichinaonjezepo ngakhale kadontho.

Ndinasolola mwendo, Esinati anaimika makwerero n'kuwagwira ndi manja awiri. Phazi langa lopanda nsapato litangoponda pamwamba pa makwererowo, muulutsi anati, "Kalata iyi yachokera ku Mulanje, kwa mayi Elube, ndipo akuti alemba okha."

Elube wake ndine! Nthungululu pabwalo! Ine mtima unafuna kuuluka ndi chimwemwe, kenako unakumbuka. Muulutsi anawerenga maina pang'onopang'ono, aliyense womva lake akuvina, Esinati akumwetulira, khutu kuwailesi. Maina anatha. Inalowa nyimbo.

"Yatha?" anafunsa Esinati.

Anakweza maso kundiyang'ana.

"Kodi makwererowa ndigwirebe, poti ine m'kalasi mwanu mulibemo?"

"Gwirani achemwali, pepala linachepa!"

"Pakamwa sipanachepe. Perekani moniwo pompano, mokweza ngati wailesi."

Anzanga, mukanatani inu? Pansi patali, makwerero akugwedera. Ndinakonza kukhosi n'kukuwa mpaka agalu a mudzi wina anayankha: "Moni wapadera upite kwa mayi Esinati, mnzanga wapamtima, mwini makwerero!"

"Bwerezani, Mulanje sikumveka bwino."

Ndinabwereza katatu ndisanaponde dothi.

Chibeseni chija bambo a kunyumba anachitsitsa tsiku lomwelo achipani asanachione, n'kuchivundukula, lero nkhuku zanga zimaikiramo mazira. Ine padenga sindidzakweranso, ndalumbira. Ndipo kalata iliyonse imene ndalemba kuchokera tsiku limenelo, ngakhale yopita kwa amayi anga, imayamba ndi moni kwa Esinati, poti makwerero pamudzi pano akadali amodzi omwe aja.