Tsiku Lomwe Ndinaika Makina Anga pa Juga

Usiku wathawu ndinalota maloto oti inu anzanga mukadawalota, bwenzi mutadzuka ndi malungo. Koma ine ndine telala, mtima wanga sunjenjemera wamba.

Ndinali pakhonde pomwe ndimasokera, koma khondelo linali pamwamba pa minibasi yothamanga, msika wonse utakwera nawo. Ndiye tikusewera poka, juga ya makhadi ija yoti mnzako akaika zambiri, iwe ufananize, ukweze, apo ayi uponye makhadi pansi n'kutaya zonse. Ine ndinali nditaika makina anga osokera. Makina odyetsa ana anga asanu, anthuni!

Wosewera nane anali a Chinkhuntha, okhometsa msonkho pamsika, atavala jekete lomwe ndinawasokera ndine. Mwadzidzidzi khosi lawo linafiira, mphuno n'kulendewera, basi asanduka nkhukundembo. Jekete lili m'thupi.

"Ndakweza!" anakuwa, n'kuika chidindo cha ku ofesi. Ndinafananiza ndi sizasi. "Ndakwezanso!" Anazula geti la msika n'kuliika patebulo. Ndinafananiza ndi simbi yositira. Akakweza ankafufuma, nthenga zili njoo.

Ndiye makina anga anayamba kulira. "Bwana, ingofananizani tione makhadi awo, zithe. Ine sindikufuna kukasoka zikwama za msonkho."

Ndinasuzumira makhadi anga. Mfumu yojambulidwa pakhadi inapukusa mutu. "Ndili ndekhandekha muno, achimwene. Musandidalire."

Mantha ndinachita, sindinama. Ndikafananiza, tionetsana makhadi, makina apita. Ndikathawa, apitabe.

Mwadzidzidzi tepi yoyezera, yomwe inali m'khosi mwangamu, inandinong'oneza: "Chifuwa cha a Chinkhuntha chija tinachiyeza mainchesi folote thu. Panopa chadutsa sikisite."

Ndiye ndinakumbukira. Jeketelo anadzalitenga mwaphuma, akuthamangira ku ukwati, msoko wa kumsana ndisanaupondere pamakina. Ndinangougwiriziza ndi ulusi wa pamanja, ndipo sanabwerenso nalo. Munthu ungamuope bwanji ukudziwa pomwe msoko wake wafooka?

"Ndakweza," ndinatero, mawu ali phee.

"Ukweza ndi chiyani, mmphawi iwe?" inatero nkhukundembo.

"Ndaika Lachisanu lonse lathunthu, ndi phiri la Ndirande pamwamba pake."

Phiri linabwera lokha, likupepesa anthu kuti alipatse njira, n'kukhala patebulo. Minibasi inapendekeka. Nkhukundembo inakoka mpweya kuti ikuwe koposa, inafufuma, inafufumabe, ndiye kwaaa! Jekete linang'ambika kuchokera pakhosi mpaka kumchira. Mpweya wonse unatulukira pomwepo. Pampando panatsala kamwanapiye konyowa, kakunjenjemera. Kanaponya makhadi pansi n'kudumpha minibasi ikuyenda.

Nditawatembenuza makhadi akewo, mayo ine! Anali oti akadandimaliza popanda wondilira. Koma anathawa yekha, pamaso pa msika wonse. Amayi ogulitsa tomato analuluta, mabatani akuvina m'chitini, mfumu ya pakhadi ija ikundipatsa sawasha. Ndikunena ine, Malikebu, telala wa pakhonde!

Ndiye nthungululu zija zinayamba kusintha, zikumveka kwetekwete, kwetekwete. Kutsegula maso, kunja kwacha kale, mayi a kunyumba ali pamakina anga, akusoka chigamba pa yunifolomu ya mwana.

"Pondani bwino, mayi," ndinatero ndili pamphasa. "Makina amenewo ndawavutikira."