Majombo a Kaputeni Zuze

Usiku wathawu ndinalota zinthu zondikwiyitsa moti mpaka pano mtima sunatsike. Mervisi, Yankho, khalani pansi, ndipo musandidule mawu chifukwa ndadulidwa kale mokwanira.

Mukukumbuka katuni ija tinaonera ku vidiyo ya pamsika, ya Kaputeni Zuze, msilikali wa m'nyenyezi woteteza anthu osauka uja? Ndiye ine ndinangopezeka ndili m'kati mwake. Wojambulidwa, abale! Maso ngati mbale, miyendo ngati timitengo ta machesi, tsitsi lobiriwira. Ine amene ndaluka Loweruka lomweli!

Ndiye ndili m'minibasi youluka yopita ku Mwezi, tapanikizana anayianayi ngati masiku onse, kondakitala watulutsa mutu pawindo akuitanira nyenyezi. Pambali panga pakhala mayi wina wokongola atafukata fulasiki. Mukundidziwa ine, tisanafike patali ndinali nditadziwa zonse. Dzina lake Filesi, mkazi wa Kaputeni Zuze. Amapita ku Mwezi kukadwazika mayi ake, ndipo dalaivala wa minibasiyo anali mchimwene wake wa Filesiyo, bere limodzi. Ananyamuka osatsanzika chifukwa mwamuna wake anali kunkhondo.

Mwadzidzidzi pansi pa minibasi panatseguka, ndiye ndinagwa, kugwa, kugwa, mpaka phi! m'bwalo la nduna za m'nyenyezi. Kaputeni ali pakati, wamtali ngati pholo la magetsi, misozi ili chuchuchu. Nduna yaikulu ya suti yonyezimira ikumusisita paphewa.

"Pepani, Kaputeni," inatero ndunayo. "Akazi anu athawa ndi dalaivala. Tawaona ndi maso athu akumwera botolo limodzi."

Ikulankhula choncho makutu akukula, suti ikumera mawanga, mpaka inasanduka fisi, tayi ali m'khosi. Nduna zinazo zinasanduka nkhanga, zonse kumangoti, "Zoona, zoona, zoona."

Pakona panali majombo akuda achitsulo, ndipo amalankhula, mawu okoma ngati mnyamata wofunsira.

"Tivale, Zuze. Ukativala sudzaliranso. Tikangouponda Mwezi kamodzi uphwanyika ngati dzira, pamodzi ndi mkazi wakoyo ndi dalaivala wakeyo."

Chishango cha Kaputeni, chokalamba, chodzaza zipsera, chinatsokomola kaye. "Bwana, majombo amenewo savulika. Amene anawavalapo anaikidwa nawo m'manda." Koma ndani amamvera chishango?

 Tangoganizani, nkhani yoona ndili nayo ine ndekha, yoti ipulumutsa Mwezi wathunthu! Ndiye ndinathamanga, kugwada bwinobwino ngati mwana woleredwa, n'kutsegula pakamwa kuti ndinene kuti, "Bwana, dalaivala uja ndi mlamu wanu."

Mukudziwa chimene chinatuluka? Mawu aamuna. Mawu a Dijeyi Mbaula, womasulira mafilimu m'Chichewa uja! Milomo ikugwedezeka ndi yanga, koma iye akuti, "Apa kamtsikana aka kakuti kali ndi njala, kakupempha mandasi."

Kaputeni anandiyang'ana mwachisoni, n'kupisa m'thumba, n'kundipatsa mandasi awiri. Munthu wabwino, abale, mpaka pamapeto penipeni.

Ndinayesanso, mokuwa. Dijeyi uja akuti, "Tipereke moni kwa anyamata onse a kabaza pasiteji, osaiwala Shuga wometa kuseri kwa chigayo, amameta bwino mnyamata ameneyu." Ine ndikuloza ku Mwezi, ndikudumpha, ndikudzimenya pachifuwa, iye akutsatsa malonda a ometa. Asa! Pocheuka, jombo lakumanzere lalowa kale, ndipo diso limodzi la Kaputeni lada bii ngati khala.

Ndiye ndinati ayi, izi zokha sindilola. Ndinakwera pachishango chija, chinauluka nane chikudandaula za msana, ndipo mwadzidzidzi tinatulukira kuseri kwa sikirini. Ndinamupeza Dijeyi Mbaula atakhala pakireti, akudya tchipisi, mayikolofoni ili kukamwa.

"Achimwene," ndinatero, "kodi mumamva n'komwe zimene anthu akulankhula m'filimumu?"

"Chemwali, ine ndimangoona milomo. Zinazo ndimapeka."

"Mukuphetsa anthu inu!"

"Anthu ake ati? Zojambula izi."

Ndinamulanda mayikolofoni, iye n'kusanduka finye, n'kudzitupitsa pakireti pomwepo. Mayikolofoni inandinong'oneza kuti, "Fulumira mwana iwe, mayunitsi a magetsi atsala pang'ono kutha."

Chishango chinandibweza m'bwalo muja, mayikolofoni ili m'manja. Ndinangoti, "Tamverani kuno!" mawu anga anamveka thambo lonse. Kaputeni anaima, jombo lachiwiri lili m'manja. Fisi duu. Nkhanga duu. Nyenyezi zonse kutchera khutu kwa ine, Enifa.

Tsono inu mukudziwa kuti nkhani siyambira pakati. Munthu angamvetse bwanji za dalaivala asanadziwe kuti mayi ake a Filesi anakwatiwa kawiri? Ndiye ndinayamba mwadongosolo. Mwamuna woyamba anali telala. Telalayo anali ndi chizolowezi choyeza azimayi m'chiuno kawirikawiri, ngakhale amene angobweretsa nsalu ya makatani.

"Nena za mlamu!" chinakuwa chishango.

"Dikirani agogo, ndikufika."

Nkhanga zinasendera pafupi. Ngakhale fisi uja anakhala pansi n'kufunsa kuti, "Ndiye akazi ake atamva anatani?" Mwaona? Nkhani inali yokoma. Wosapirira anali Kaputeni yekha.

"Mtsikana iwe," anatero, "mkazi wanga wandithawa kapena ayi?"

"Bwana, ndikubwera komweko, koma mumve kaye zimene zinachitika kwa ankhoswe."

Ndinangomva kuti khwapu! Jombo lachiwiri lalowa. Diso linalo kuda bii. Munthu uja anatalika mpaka mutu kugunda nyenyezi, n'kuseka chiseko chonyansa, n'kuponda chishango chake chomwe, osacheuka. Majombo akuimba mluzu. Apo m'pamene ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti, "Ndi mlamu wanuuu!" koma magetsi anali atathima, mayikolofoni yafa, milomo yanga ikungotseguka ngati ya nsomba.

Inu ndiuzeni, munthu wamkulu, kaputeni wathunthu, woti wamenya nkhondo m'nyenyezi zonse, kulephera kudikira nkhani ifike pake? Mervisi, usandiyang'ane choncho, ndinali nditatsala pang'ono.

Mumdimamo ndinkangomva mapazi akulowera ku Mwezi kumene kuli Filesi ndi mayi ake odwala. Gu! Gu! Gu! Ndikuthamangira, miyendo ya machesi ija ikuthyoka. Gu! Gu! Kutsegula maso, kunja kwayera kale, ndi bambo a kuseri kwathu akuwaza nkhuni pafupi ndi windo langa. Ine ndili gada pamphasa, thukuta lili kamukamu, nkhani ya telala ndisanaimalize.