Manyazi a Wedisoni Khoromana

Taikani timathabwa tanu tomenyera kampirato patebulo, ana inu, mupumeko. Mwambi uja mumaumva ndi makolo anu, wa kanyama kamanyazi, chiyambi chake chinali chotere.

Pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo panali kalaliki wa kufakitale dzina lake Wedisoni Khoromana. Anali munthu wamfupi, wa makutu oima ndi timiyendo tachangu, ndipo chifukwa cha kathamangidwe kake akamasewera tenesi ya patebulo, anzake anamutcha Mbewa. Dzinalo ankalikonda. Kwa zaka zambiri panalibe womugonjetsa m'maesiteti onse a kumeneko, moti zikho zake zinadzaza kabati mpaka mkazi wake ankasunga mbale m'dengu.

Koma Mbewa anali ndi vuto limene ankalidziwa yekha. Bakihandi, kumenya kuja kotembenuza dzanja kampira kakabwera kumanzere, sankaitha m'pang'ono pomwe. Kampira kakalowera kumeneko, iye ankathamanga kuzungulira ngodya ya tebulo n'kukakamenya ndi mbali imene anazolowera. Anthu ankaomba m'manja poganiza kuti ndi luso, pamene mwini wake ankadziwa kuti n'kuthawa.

Zaka zinapita, dazi linatulukira, mawondo anayamba kulira. Ndiye pachipatala cha esiteti panabwera namwino watsopano, Filesi Namaona, amene anaphunzira masewerawa ali kusukulu ku Zomba. Mayiyu anangomuonerera Mbewa kamodzi n'kuona pamene panali chilonda. Atakumana patebulo, ankaponya kampira kumanzere, Mbewa akathamangira uko, iye n'kukabweza kumanja kumene kunalibe munthu. Mbewa anagonja pamaso pa makapitawo, otchola tiyi ndi mkazi wake yemwe, malaya ali chonyowa ndi thukuta.

Anthu atabalalika, Filesi anamutsatira mwaulemu. Anamuuza kuti vutolo linali laling'ono: chigongono chizikhala patsogolo pa mimba osati kumamatira kunthiti, mawondo apindike, ndipo kampira azikakankha pang'onopang'ono mpaka dzanja litazolowera. Anati Mbewa akabwera Loweruka adzamuonetsa.

"Mayi," anayankha Mbewa, "ine ndinayamba kumenya kampira aka inu musanamere mano. Lero ndadzuka ndi chimfine basi."

Mpikisano wa maesiteti unali pafupi, chaka chatsopano chikangolowa, ndipo zinamveka kuti akuluakulu a kalabu ya masewera ya pa esitetipo akufuna kutumiza namwino m'malo mwa Mbewa. Munthu uja anasiya kudya bwino. Mkazi wake anamudandaulira kuti angopita akafunse, popeza kufunsa sikuchotsa ndevu, koma iye anati bola kufa kusiyana n'kuti Thyolo yense amve kuti katswiri akuphunzitsidwa kagwiridwe ka thabwa.

Kuseri kwa holo ya kalabu kunali kachipinda kosungiramo zinthu zotha ntchito. Kanali kolowa m'nthaka chifukwa cha kutsetsereka kwa malowo, kopanda zenera, ndipo anthu ankangokatchula kuti kuuna. M'menemo munali tebulo lakale la nthawi ya azungu, la matabwa a mlombwa, lolemera moti amuna awiri ankalinyamula akubuula. Mbewa anayamba kuzembera kumeneko nthawi ya chakudya chamasana. Theka limodzi la tebulo analiimika chilili, n'kulichirikiza ndi mpini wa khasu, kuti akamenya kampira kazibwerera.

Poti analibe womuona, anadziphunzitsa zolakwika. Chigongono anachikanikizabe kunthiti chifukwa sankafuna kutsata mawu a namwino, ndipo mkono wonse ankautaya ngati akutchetcha udzu ndi chikwakwa. Timipira tinkathera kudenga. Akalephera ankapsa mtima, akapsa mtima ankamenya mwamphamvu, ndipo phewa linayamba kutupa.

Tsiku lotsekera fakitale kuti anthu akadye Khirisimasi, Mbewa anapeza nzeru imene anaiona ngati yakuya. Anauza mkazi wake kuti akupita ku Luchenza kwa mkulu wake, ndipo adzabwera zikondwerero zikatha. Maganizo ake anali oti akagone kuuna komweko, aphunzire popanda womusokoneza. Anatenga kachikwama, natsanzika ana, nazungulira njira ya m'minda ya tiyi kuti asaonedwe.

Masana amenewo mu holo munali phwando la ogwira ntchito. Mbewa ali m'kachipinda kake anamva kuseka kwa Filesi, ndipo mtima unamuwawa. Anaponya kampira n'kukamenya ndi ukali wonse. Kathabwa kanapulumuka m'dzanja la thukuta, kanauluka n'kukagunda mpini uja. Mpini unatsetsereka, ndipo theka la tebulo linamugwera, n'kumupanikiza chagada kuyambira pachifuwa mpaka m'ntchafu.

Ululu unali woopsa, koma mawu anali akadali nawo. Anthu anali pafupi, khoma limodzi lokha pakati. Akanakuwa, akanamumva. Koma m'maganizo mwake anaona khamu likukhamukira pakhomo, anaona katswiri ali gone pansi pa tebulo, timipira tili mbwee, ndipo wina akufunsa kuti kodi a Khoromana, ku Luchenza kwake n'kuno? Anaganiza zodikira kuti anthu achoke, kenaka adzisolole yekha.

Posakhalitsa anamva mapazi. Anali mlonda wa kalabu, mkulu wina dzina lake Likaka, ali ndi Filesi, amene anamva kugwa kwa chinthu ndipo mtima wake wa unamwino sunamulole kungokhala.

"Muli munthu umo?" anafunsa Filesi ali pakhomo. Anali akuchokera padzuwa, choncho m'katimo ankangoona mdima.

Mbewa anagwira mpweya. Nthiti zinamubaya, ndipo pakamwa pake panatuluka kamawu kakang'ono kolira.

"Ndi mbewa imeneyo, mayi," anatero a Likaka. "Umu ndi kwawo."

Anakoka chitseko, natseka ndi loko, ndipo mapazi aja anapita.

Mbewa anayesa kukankha matabwa, koma sanasunthe. Anayesa kudzikoka, miyendo sinamumvere. Pamene mantha anaposa manyazi, holo inali itakhala kale zii, ndipo mvula ya Disembala inali ikuwomba malata. Anaitana mlonda, anaitana mkazi wake. Pomaliza anaitana Filesi, koma chifuwa chinali chitatopa ndi kulemera kwa mlombwa, moti mawuwo sanafike ngakhale pachitseko.

Kunyumba palibe anamufuna, poti onse ankadziwa kuti bambo ali ku Luchenza akudya nkhuku. Zikondwerero zitatha mkulu wake uja anabwera kudzacheza n'kufunsa kuti mng'ono wake ali kuti, ndipo m'pamene mkazi anayamba kulira. Anafunsa kupolisi ndi m'zipatala, osamupeza. Zimene zinawalozera malo zinali ntchentche zimene zinaunjikana pachitseko cha kachipinda kaja.

Pamaliro Filesi sanathe kuimba. Ankangonena kuti anaima pafupi naye, ndipo liwu limodzi lokha likanakwanira. A Likaka anafotokozera anthu zonse zimene anamva tsiku lija. Atamaliza anayang'ana bokosi, napukusa mutu, n'kunena mawu amene anthu akuwabwereza mpaka lero:

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna."