Maatomu a Dongo pa Lichero la Amayi

Lolemba
Laputopu yafa, zithunzi zanga zonse zili m'kati. Wokonza wa ku Mponela akuti masabata awiri. Mayeso apakamwa a digiri yachiwiri ali Loweruka lino, pa vidiyo ya foni, ine ndili kumudzi kwa amayi, kumtunda kwa Kasakula. Ndikalephera, mpaka chaka chamawa. Mtima ukuwira, koma sindigonja. Ndiumba chionetsero ndi manja.
Zofunika: dongo, nsungwi, singano, laimu.

Lachiwiri
Zatheka! Timipira ta dongo ndi maatomu a chitsulo chotchedwa iridiyamu, tinayitinayi, tolumikiza ndi nsungwi monga amakhalira m'mwala wotchedwa pairokolo. Pa kampira kalikonse ndabaya singano yoonetsa kumene maginito ake akuloza: gulu ili zonse m'kati, gulu loyandikana nalo zonse kunja. Timipira topaka laimu tikuimira kashiyamu. Ukamuthira m'mwalamo maelekitironi amachepa, magetsi amayamba kudutsa, singano zija zimasiya kumverana. Zaka ziwiri za moyo wanga zakwana pa lichero la amayi.

Lachitatu
Ndayanika pabwalo. A Nasibeko, oyandikana nafe, abwera kudzapala moto, aona lichero, abwerera osapala. Masana mbuzi yawo yatupa mimba. Inadya jumbo, ndinaiona ndi maso angawa! Amayi, motsitsa mawu: "Mwanawe, singanozi zikuloza nyumba ya yani?"

Lachinayi
Amayi a chigwirizano asanu ndi awiri pakhonde, onse m'yunifomu. Ndikufotokoza mwaulemu, ndagwada ndithu. Ndanena izi:
mphamvuyi sioneka ndi maso;
imagwira pozizira kwambiri;
ukathirako kanthu pang'ono, zonse zimasokonekera.
Mmodzi wa iwo: "Mwamva? Wavomera yekha." Pakamwa panga pandigulitsa.

Lachisanu
Ndapita ku Malomo kukatchaja foni. Pobwera, utsi pabwalo. Mkulu wa mpingo waphwanya zonse, watentha ndi lichero lomwe, singano wataya m'chimbudzi. Anthu omwewa analulutira tsiku limene ndinasankhidwa ku yunivesite. Ankaganiza kuti ndikukaphunzira chiyani, kuphika mandasi? Ndaumba chionetsero china mobisa m'chigafa cha fodya.

Loweruka
Pamwamba pa phiri, pokhapo pali netiweki. Dongo laliwisi, m'malo mwa singano minga. Aprofesa atatu akundiyang'ana pa foni. Ndangoyamba kulankhula, maatomu akuthothoka limodzilimodzi. Kumbuyo kwanga nyimbo ya mpingo: anditsatira! Mkulu uja wanditsomphola foni, akuwaloza aprofesa chala: "Mumusiye mwanayu, ndi wobatizidwa."

Lamulungu
Uthenga wa aprofesa ndi waufupi: tidzaonane chaka chamawa. Kutchalitchi andikhazika pa benchi lakutsogolo, andipempherera mondigwira pamutu. Mphamvu zokwiyira ndilibenso. Amayi akumwetulira njira yonse yobwerera: "Ndiye kuti chaka chonse uli pakhomo, mwanawe. Mawa tilawirire kusoka fodya." Ndayankha kuti chabwino.