Tsiku Limene Ndinalambula Munda wa Agulugufe

Ndiyambe ndi kunena kuti sindinamangidwe. Ndikutero chifukwa kutchalitchi kwathu ku Peckham nkhaniyi inakula mpaka ena ankati ndinagona m'chitokosi. Apolisi sanabwere n'komwe. Amene anabwera anali mayi mmodzi wa kukhonsolo atakumbatira fayilo, ndipo kunena zoona, bola akanabwera apolisiwo.

Zinachitika ku Romford, zaka za m'ma 2000 zili pakati, ndili namwino pachipatala china kumeneko. Tinkakhala m'fulati yapansi ya khonsolo, ine, bambo a Tadala ndi Tadalayo. Kutsogolo kwa zenera lathu kunali kabwalo ka kapinga, kukula kwake ngati dimba la munthu mmodzi. Poyamba a khonsolo ankabwera ndi makina kudzameta. Kenako chaka china anangozika chikwangwani n'kusowa. Anajambulapo njuchi ndi gulugufe, n'kulemba kuti malowo asiyidwa dala kuti tizilombo tonyamula mungu tizipeza chakudya. (Ena amati mwina sindinawerenge. Ndinawerenga, kawiri konse. Ndinangoti ulesi wa kuno ndi wophunzira, umachita kudzilembera chikwangwani.)

Pofika mwezi wa Meyi udzu unali utadutsa m'mawondo, pakona patawirira zomera zina zoyabwa ngati chitedze. Ndinkangodutsa nditayang'ana kumbali. Ndiye tsiku lina bambo a Tadala anatsitsa foni akumwetulira, amvekere amayi awo apeza viza, akufika Loweruka la sabata yamawa.

Muyenera kuwadziwa apongozi angawa. Titangokwatirana anabwera kudzationa ku Zomba. Ine ndinali nditachedwa kudzuka. Potuluka ndinawapeza atasesa bwalo lonse, aima pakhomo tsache lili m'manja. Atabwerera ku Ntcheu anakauza anthu kuti mwana wawo anakwatira satifiketi. Mawu amenewo anandikhala pamtima zaka zisanu ndi zinayi. Tsopano munthu yemweyo adzatsike ndege n'kupeza tchire pazenera panga?

"Amake Tadala, si pathu paja," anatero bambo a Tadala ataona mmene ndinkayang'anira panja. "Ndi pa khonsolo. Mukufuna atilande fulati?"

"Ndiye khonsoloyo ikawalandire amayi anu ku eyapoti," ndinatero ine.

Khasu ndinali nalo. Ndinabwera nalo kuchokera kumudzi lopanda mpini, nditalikulunga m'chitenje pansi pa sutikesi (musandifunse kuti ndinkati ndikalima kuti). Mpini ndinachotsa ku mopu. Loweruka m'mawa, ndili pa ofu, ndinamanga chitenje m'chiuno n'kutuluka.

Choyamba ndinazula chikwangwani chija n'kuchitsamiritsa kukhoma bwinobwino, chifukwa ine si munthu wowononga katundu wa boma. Kenako ndinayamba kugwetsa udzu, ndi mizu yomwe. Pa zoyabwa zija ndinapeza mbozi zakuda zitaunjikana pamasamba, zambirimbiri. Ndinaziponda ndi chidendene mpaka kutha. Zinyalala ndinalonga m'matumba akuda. Pomaliza ndinatenga tsache langa logula ku Peckham n'kusesa, mizere ya tsache ikuoneka padothi ngati pakhomo pa munthu. Ndinaima n'kugwira m'chiuno, thukuta lili kamukamu, mtima uli mbee.

Potembenuka ndinaona bambo Harold, mzungu wachikulire wa m'fulati yapamwamba pathu, amene kale ankayendetsa basi. Anali ataima ndi kakope m'manja, chipewa atavula ngati ali pamaliro.

"Mayi, mwachita chiyani?"

"Ndakonza. Musavutike n'kuthokoza."

"Mbozi zanga zili kuti?"

"Zanu?"

Anakhala pansi pakakhoma. Anandiuza kuti ndi iwowo amene analemba makalata kukhonsolo zaka zitatu kuti makina aja asiye kubwera. Mbozi zija zikanasanduka agulugufe pakangopita masabata ochepa, ndipo iwo sabata iliyonse ankawerenga agulugufe ndi njuchi n'kulemba m'kakopeko. Kuyambira pamene akazi awo anamwalira, ntchito yawo inali imeneyo. Maso awo anali atalengeza misozi. Apa chifundo chinandigwira, sindikana. Koma pakamwa panga sipadikira mtima.

"Kwathu udzu pakhomo ndi njoka ndi udzudzu," ndinatero.

"Kuno kulibe njoka, mayi."

"Eya, chifukwa ndalambula."

Lachitatu kunabwera mayi wa fayilo uja. Anayankhula motsitsa mawu, mwaulemu woopsa uja wa kuno. Anati tauni yonse ndi simenti ndi phula, njuchi zilibe podyera, ndiye timalo ngati timeneti tili ngati masiteji a basi, kachilombo kamapumirapo pochoka kupaki ina kupita ku ina. Anati popanda tizilomboti ngakhale zipatso sizingabereke. Ine ndinafunsa ngati njuchizo zili ndi apongozi. Sanaseke. Anatsegula fayilo n'kundionetsa pamene tinasaina kuti sitidzakhudza malo a khonsolo. Ndisankhe: nkhaniyi ilowe m'fayilo ya fulati yathu, kapena ndifese ndekha mbewu zina pamalopo, bambo Harold akuyang'anira. Tsiku lake Loweruka.

Loweruka lomwe lija lofika apongozi.

Ndiye takisi yochokera ku eyapoti itaima, apongozi anga anatsika atavala chijasi cha mwana wawo pamwamba pa chitenje, n'kundipeza ndili chogwada padothi, envelopu ya mbewu ili m'manja, mzungu ataima pambali akundilozera pofesa. Mwayi wake kugwada ndinali nditagwada kale, moni sanavute.

"Mukudzala chiyani, amake Tadala?"

"Maluwa, amayi."

Anatambasula dzanja. Ndinawathirira pang'ono. Anayang'anitsitsa, n'kuuzira.

"Uwu ndi udzu."

Ndinaweramira pansi n'kupitiriza kufesa.

"Iwe," anatembenukira mwana wawo, "tawafunsa akuluwa. Chodyedwa n'chiti pamenepa?"

Bambo a Tadala anamasulira akuyang'ana nsapato zawo. Bambo Harold anayankha mokondwa kuti zidzadya ndi njuchi ndi agulugufe. Apongozi anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Aulesi osalambula ndawaonapo ambiri," anatero. "Koma wochita kudzala tchire ndayamba kuona lero."

Analowa m'nyumba. Ine manyazi ndi mkwiyo zinandigwira moti mbewu zotsalazo ndinangozikhuthula malo amodzi. Zaka zisanu ndi zinayi ndikudikira tsiku loti ndidziyeretse, n'kuthera pamenepa chifukwa cha gulugufe!

M'mawa mwake kutangoyera ndinamva khasu panja. Ndinati basi fulati yapita. Ndinatuluka chothamanga, duku lili m'manja. Apongozi anali pakati pa malo aja ndi khasu langa la mpini wa mopu. Koma sankalambula. Ankakumba timaenje, n'kumasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo, n'kuponyamo nthanga za maungu.

"Amayi, atithamangitsa!"

"Tsitsani mawu. Mwana wanga wandiuza zonse." Anapala dothi ndi phazi. "Ndiye munalambula nokha ponsepa? Ndi mpini uwu?"

"Eya, amayi."

"Palibe muzu ndi umodzi womwe. Dzanja muli nalo."

Zaka zisanu ndi zinayi, anthuni. Ndinafuna kulira pomwepo, koma anandipatsira nthanga m'manja.

"Akufuna njuchi, si choncho? Njuchi yokana duwa la dzungu sindinaione. Kwirirani."

Ndinakwirira.

Pofika Ogasiti udzu wa khonsolo unali utamera, maluwa ake ofiira ndi oyera ali apo ndi apo. Koma pakati ponse panali patayanga maungu, masamba ngati maambulera, maluwa achikasu ali yasa, njuchi zikulowa n'kutuluka zitadzola mungu mpaka kumutu. Bambo Harold ankafika ndi kakope kawo m'mawa uliwonse. Mayi wa fayilo atabweranso anaima nthawi yaitali, kenako anati chomera ichi sichili pamndandanda wawo. Bambo Harold anayankha kuti njuchi sizinadandaule. Apongozi, amene Chingerezi sankachimva, anali pambali akusadzula nkhwani.

Kwa bambo Harold ndinapepesa chifukwa cha mbozi zawo, ndi mbale ya nkhwani wotendera, ndipo chaka chotsatira zoyabwa zija zitaphukanso pakona ndinazisiya (ndimadutsa nditatseka diso limodzi). Kwa khonsolo sindinapepese ndipo sindidzapepesa. Akanayamba afunsa kaye anthu okhala pazenerapo kuti kwawo tchire limatanthauza chiyani.

Apongozi atabwerera ku Ntcheu anakauza mudzi wonse kuti mpongozi wawo ali ndi dimba ku London, moti boma linachita kuzikapo chikwangwani. Sindinawatsutse. Ndipo kanjira kochokera pakhomo panga kukafika kumsewu ndimasesabe m'mawa uliwonse, mizere ya tsache kuonekera. Gulugufe amene zikumuwawa alembe kalata kukhonsolo.