Nkhata ya Masamu a Asiyatu

Lolemba
Mwana wanga Asiyatu waimba foni kuchokera ku yunivesite. Akufuna ndimulukire chinthu cha mlaza chonga chubu cha njinga, chobowoka pakati, akaonetse aphunzitsi ake. Akuti masamu ake ndi opinda zinthu osazing'amba. Timabokosi ta malukidwe tipendekeke, koma malo a m'kati mwa kabokosi kalikonse asachepe, asachuluke. Ine wa Sitandade 3! Abwera Loweruka. Ndikalakwitsa, mwana alephera chifukwa cha ine.

Lachiwiri
Ndaluka. Chozungulira bwino, timabokosi tofanana tonse. Ndayeza ndi kamtengo ka machesi kanayi konse. Mtima sukukhazikikabe.

Lachitatu
Foni ina: "Iyayi ababa, ndikufuna chopindika." Pa Nkaya pano palibe anagulapo dengu lokhota kwa ine. Ndikuluka chokhota, manja akuwongola okha. Ndamasula, ndayambanso. Chawongokanso.

Lachinayi
Zondidetsa nkhawa:
mbuzi,
chiswe,
mlaza watsala wochepa,
a Saidi, mnzanga woluka malichero. Andipeza ndikukhotetsa dala. "Maso ayamba kufooka, achimwene?" Pofika mawa msika wonse ukhala utamva.
Mlaza watha. Chatsala ndi cha Lachiwiri chija, ndachipachika kukhitchini.

Lachisanu
Ndikuchokera ku mzikiti, ndikukumana ndi amake Asiyatu akuchokera ku mjigo. Ndowa pamutu. Pansi pa ndowa, masamu a mwana! "Nkhata yabwino chonchi, munkandibisiranji?" Aitutira madzi maulendo asanu. Yaphwatalala mbali imodzi, inayo yatukuka. Chakudya sichikulowa.

Loweruka
Ndainyika m'beseni kuti ifewe, ndiiwongole mwana asanafike. Wafika ndi minibasi yoyamba, wandilanda m'manja. Akuitembenuza, akuyeza ndi rula. Ine thukuta. Kenako: "Ababa, musaikhudzenso. Timabokosi tapendekeka, palibe kong'ambika. Ndimafuna zimenezi." Akuti akaiimika patsogolo pa aphunzitsi onse, dzina langa alemba pansi pake ndi zilembo zazikulu. Ndamupempha alembe la amake, poti anaipinda ndi iwo. Wakana.

Lamulungu
Wapita nayo, ataikulunga m'chitenje ngati khanda. Moyo wanga wonse ndaluka zowongoka, ndipo anthu ophunzira adzandidziwa ndi chinthu chimodzi chokhotachi. A Saidi amva kale. Amake Asiyatu akufuna nkhata ina. Ndikupita kukadula mlaza.