Nkhope ya Anachisale pa Nsalu Yoyera

Lolemba
Oyendera sukulu akubwera Lachisanu. Akakhutira ndi kaphunzitsidwe kanga, andilembera kalata yosamukira ku Mponela, komwe kuli mkazi wanga ndi mwana. Zaka zitatu ndikutsika mapiri ano pa njinga yamoto Loweruka lililonse. Msana watha!
Phunziro: kuwerenga chithunzi cha kanema. Kamera ikayandikira nkhope ya munthu, ikutiuza chiyani?
Zofunika:
- pulojekita ya sukulu (ilipo, fumbi lokhalokha)
- batire ya sola
- nsalu yoyera
- filimu

Lachiwiri
Ndikuyesa ndi filimu yakunja, mawu nditatseka. Fomu 3 yonse yakwiya. "Sala, womasulira ali kuti?" Anazolowera mavidiyo a pamsika, momwe munthu amalongolola Chichewa pamwamba pa filimu mpaka wakufa yemwe kumuyankhulira. Ndikuti yang'anani chithunzi. Akuti chithunzi sichikunena kanthu.
Nzeru yabwera: ndijambula yangayanga pa foni. Nkhope yoti akuidziwa.

Lachitatu
Ndikujambula Anachisale, mayi wachikulire wa kuseri kwa sukulu, akusankha fodya m'chigafa. Manja, masamba, kenako nkhope pafupi, maso kudzaza chithunzi chonse. Mphindi zinayi. Zokongola zedi! Iwo akungoti, "Aphunzitsi, makwinyawa muwachotseko."

Lachinayi
Kuyeserera. Manja: ana akuyankha bwino. Fodya: bwino. Nkhope itangotulukira pansalu, mitu yonse pansi! Atsikana awiri mpaka kugwada. Ndikukuwa, yang'anani m'masomo! Wina akunong'ona, "Sala, akuluakulu sitiwayang'ana m'maso." Ndi nsalu iyi, anthu inu! Ola lathunthu ndikuwanyengerera. Pomaliza akusuzumira ndi diso limodzi.
Ndili ndi mantha.

Lachisanu
Oyendera afika, bambo wa tayi yofiira. Akhala kumbuyo ndi fayilo. Manja: bwino. Fodya: bwino. Akulemba, akugwedeza mutu. Mtima ukungoti Mponela, Mponela. Nkhope ija pansalu, ana onse maso dwii, palibe wowerama. Zatheka!
Kumbuyo mpando gubudu! Oyendera aphimba kumaso ndi fayilo, akutuluka chammbali ngati nkhanu, phazi lakola waya, pulojekita yazima. Ndikuwapeza pansi pa mtengo wa mango, thukuta kamukamu.
"Aphunzitsi, amenewo ndi apongozi anga! Zaka makumi awiri ndikawaona panjira ndimapatukira m'chimanga, lero mwandiika nawo maso ndi maso?"

Loweruka
Ahedi andionetsa lipoti: phunziro silinaonedwe mpaka kumapeto. Kuyendera kwina ndi chaka chamawa. Sinditsika ku Mponela lero, nkhope ndiitenga kuti? Mkazi wanga pa foni, akuyesa kusamuka kwatheka: "Ndiye ndikusungireni mbali iti ya wodilopu ya zovala?" Ndikuti netiweki ikuvuta.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi, Anachisale andiimitsa. Amva zonse, akuseka mpaka misozi. "Ndiye mkamwini wanga wandiona? Akuti bwanji, ndakalamba?"
Masana ndamuuza mkazi wanga zoona. Iye akungoti mwana akufunsa ngati adadi amakhala m'foni. Zandipweteka.
Nsalu ndapinda. Chaka chamawa ndidzajambula mbuzi. Mbuzi ilibe mkamwini.